Kalata Yoyamikira Komiti Yoona za Mankhwala pa Chipatala Chathu

Olemekezeka a Wapampando ndi mamembala onse,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha malire a mlingo wa mankhwala amene munaika m'makina oyendetsa dripi m'wodi ya ana odwala kwambiri. Kwa zaka zambiri ife anamwino tinkawerenga madontho ndi maso, wotchi ili pamkono, podziwa kuti pa chubu cha ana madontho 60 ndiwo mililita imodzi, koma mwana akangopinda mkono liwiro la madontho linkasintha popanda wodziwa.

Makinawa atangofika ndinali mmodzi wa odandaula kuti akutichedwetsa, popeza amafuna kuti munthu ayambe wasankha dzina la mankhwala ndi kulemba kulemera kwa mwana asanayambe kuyenda. Maganizo anga anasintha usiku wina pamene ndinkapereka potaziyamu, mchere wofunika m'thupi umene umaperekedwa ngati mankhwala, kwa mwana amene anafooka ndi matenda otsegula m'mimba. Ana anali ambiri, ine nditatopa, ndipo m'malo molemba mamililita 2.5 pa ola ndinalemba 25. Makina analira, nakana kuyamba mpaka nditaonanso nambalayo. Monga mukudziwa, potaziyamu wolowa mumtsempha mofulumira amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amatha kuuimitsa, ndiye mlingo umenewu, wochuluka kakhumi, mwana uja sakanaupirira. Mayi ake anali atagona pa chitenje pambali pa bedi, ndipo mwanayo anatuluka m'chipatala ali bwino.

Ndikuyamikiranso kuti munasiyanitsa malire a mitundu iwiri. Pali malire ongochenjeza, amene namwino angathe kuwadutsa akatsimikiza kuti dokotala analembadi mlingowo, ndipo pali ena osadutsika, amene munawaika pa mankhwala oopsa monga potaziyamu, insulini (wa matenda a shuga) ndi morphine (wochepetsa ululu). M'kuona kwanga nzeru imeneyi ndi imene yachititsa kuti tiziwakhulupirira makinawa, chifukwa akanamalira pa chilichonse tikanazolowera kulirako n'kusiya kukumvera.

Pempho langa n'lakuti malirewa muziwaunikanso nthawi iliyonse pamene mankhwala abwera ndi mphamvu yosiyana ndi imene tinazolowera, komanso kuti mabatire a makinawa aziyesedwa pafupipafupi kuti dripi isamaime magetsi akathima. Anamwino atsopano amene akubwera m'wodi muno aphunzitsidwenso kagwiritsidwe ntchito ka makinawa asanayambe kugwira ntchito ya usiku.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino wa m'wodi ya ana