Dzina la Mayi Margaret Dongo lisazilale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko za mayi wina wa kuno ku Zimbabwe amene dzina lake silimveka kawirikawiri kumudzi. Ine ndinabadwira ku Harare. Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya atsamunda kudzafuna ntchito, monga ankachitira amuna ambiri akwathu. Ndinali nditangokula kumene pamene Mayi Margaret Dongo anagwedeza mzinda uno, ndipo mpaka lero ndikamva anthu akuyamikira phungu, mumtima ndimamuyika pambali pa mayi amenewa kuti ndione ngati akufikapo.

Mu 1975, ali ndi zaka 15 zokha, anasiya sukulu n'kuwoloka malire kupita ku Mozambique kukalowa gulu la ZANLA, lomwe linkamenyana ndi boma la Ian Smith. Kutchireko ankadziwika ndi dzina loti Tichaona Muhondo. Ufulu utabwera mu 1980 anagwira ntchito m'chipani cholamula cha ZANU-PF ndi m'boma, ndipo mu 1989 anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la omenya nkhondo yaufulu, ataona anzawo akusauka pamene atsogoleri ankalemera. Mu 1990 anasankhidwa kukhala phungu wa Harare East.

Apa akanatha kungotseka pakamwa n'kumadya nawo. Ambiri anatero. Koma iwo anayamba kufunsa za katangale m'chipani chawo chomwe, ndipo mafunso a munthu amene anagwirapo mfuti sungawathamangitse pomunena kuti ndi kapolo wa azungu. Pachisankho cha 1995 chipani chinawataya, n'kuimika Mayi Vivian Mwashita, amenenso anamenya nawo nkhondo. Mayi Dongo anaima paokha ku Harare South. Zotsatira zitatuluka, anauzidwa kuti aluza.

Chimene anachita pamenepo ndicho chandilembetsa kalatayi. Sanatume anyamata kukaotcha matayala mumsewu. Anatenga kaundula wa ovota n'kumufufuza dzina ndi dzina, ndipo anapeza mayina obwerezedwa ndi a anthu osakhala m'deralo. Anapita nawo umboniwo ku khoti lalikulu, khoti linathetsa chisankhocho, ndipo atachibwereza mu Novembala chaka chomwecho anapambana mosachita kufunsa. Amalawi timanyadira, ndipo n'koyenera, chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chomwe chinathetsa chisankho cha pulezidenti cha tipeksi chija. Koma zaka 25 m'mbuyo mwake, mayi wopanda chipani kumbuyo kwake anali ataonetsa kale kuti chisankho chobedwa chikhoza kubwezedwa ndi mapepala ndi kuleza mtima, pamene a Robert Mugabe anali pachimake pa mphamvu zawo.

Taganizani kukhala m'nyumba ya malamulo ya mipando 150, otsutsa muli atatu basi. Ankawakuwiza akaimirira. Tsiku lina anawauza aphungu a chipani cholamula pamaso kuti akhala ngati akazi a Mugabe, chifukwa chongovomera chilichonse, ndipo mawu amenewo anautsa mkwiyo waukulu. Anafunsa za ndalama za m'thumba lothandiza ovulala pankhondo, zomwe akuluakulu athanzi lawo anagawana ponamizira kulumala, pamene olumala enieni ankapempha m'misewu. Anaulutsanso mndandanda wa nduna ndi akuluakulu a boma amene anapatsidwa mafamu omwe anagulidwa kuti agawidwe kwa osauka. Nkhani ya mafamuyi inatikhudza ife kwambiri, pakuti ambiri ogwira ntchito m'mafamu anali ana ndi adzukulu a Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique, ndipo kulanda minda kutayamba mu 2000 iwowa ndiwo anatsala opanda nyumba ndi ntchito.

Sindikunena kuti zonse zinawayendera. Mu 1996 sanathe kupikisana nawo pa upulezidenti chifukwa anali asanakwanitse zaka 40. Chipani chomwe anayambitsa mu 1998, Zimbabwe Union of Democrats, sichinakule, ndipo anakangana ndi anzawo momwemo. Mu 2000 sanalowe chipani chatsopano chotsutsa boma cha MDC, pamene mphepo inali kuwomba kumeneko, ndipo mpando wawo unapita kwa a Gabriel Chaibva a chipanicho. Ena amati anali ouma mutu. Mwina n'zoona, koma kuuma mutu komweko ndi kumene kunawaimitsa pakhoti mu 1995.

Chimandipweteka n'chakuti kumudzi, chisankho chilichonse timasankha aphungu ambiri oima paokha, ndipo sabata zingapo zikangodutsa timamva kuti alengeza zogwira ntchito ndi boma. Ovota anawasankha atakana chipani, iwo n'kuthamangira komweko. Mayi Dongo anakhala zaka zisanu pa benchi yozizira ija osasuntha.

Pempho langa n'lakuti nyuzipepala yanu itume mtolankhani akacheze nawo, kuti atsikana a ku Dedza ndi ku Mchinji amve nkhaniyi kuchokera pakamwa pa eni ake.

Wowerenga wanu,
Harare