N'chifukwa chiyani ku Ireland amangovotera zipani zomwezo?

A Mkonzi,

Ndimakhala ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, kumene aliyense akulira ndi kukwera kwa lendi. Komabe pa chisankho cha mu Novembala 2024, chipani cha Fianna Fáil chinapeza mipando 48 ndipo cha Fine Gael 38 mwa mipando 174 ya ku nyumba ya malamulo, n'kubwereranso m'boma.

Zipani ziwirizi zinaphuka pa mkangano wa nkhondo yapachiweniweni ya 1922 mpaka 1923, ndipo m'mabanja ena chipani amachilandira ngati munda wa makolo. Koma chachikulu n'choti phungu wa kuno sasowa pamaliro. Amakhalanso ndi tsiku lokumana ndi anthu a m'dera lake, kuwathandiza mapepala a penshoni kapena a nyumba. Gogo amene ndimawasamalira anandiuza kuti sangataye munthu amene anabwera kudzawapepesa amuna awo atamwalira. Ndinawamvetsa.

Chimene chimandiwawa ndi achinyamata. Ambiri amene alephera kupeza nyumba akupita ku Australia ndi Canada, ndipo malamulo salola nzika zokhazikika kunja kuvota pa chisankho cha aphungu. Amene akanasintha zinthu ndi amene akukwera ndege, pomwe eni nyumba amatsala n'kuvota.

Wowerenga wanu,
Dublin