Sisitimu ya pa cloud yatithandiza, koma bilu yake ndi ya madola

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za masisitimu osungira mafayilo a antchito pa intaneti aja akuti cloud, poti masiku ano bwana aliyense akangochokera ku msonkhano ku Lilongwe nyimbo imakhala yomweyi. Ine ndimakonza malipiro pa loji ina kuno ku Senga Bay ndipo ndine ndimagona nayo sisitimuyi mwezi ukamatha, osati mabwanawo.

Chilungamo chake, kumene tachokera sindingabwerereko. Zonse zinali mu kabati ndi mu Excel pa kompyuta imodzi, ndiye tsiku lina magetsi anabwera ndi mphamvu kompyuta ija kupsa, tinachita kufunsa munthu mmodzimmodzi kuti kodi inu munayamba liti ntchito, ena kumangowonjezera zaka zawo poti umboni panalibe. Pano foni kapena laputopu iliyonse ndimatsegula n'kupeza zonse. Masiku a livu imawerenga yokha, 18 pa chaka kwa ogwira masiku 6 pa sabata ndi 15 kwa a masiku 5 monga lamulo linenera, mikangano ya "munandidyera livu" inatha. Penshoni imadula 5 peresenti ya wantchito n'kuika 10 ya bwana, msonkho wodula pa malipiro uja akuti PAYE ndimakhala nditakonza tsiku la 14 lisanafike kuti a MRA asatilipitse chindapusa. Chimene ndimaikondera kwambiri n'choti aliyense wosintha malipiro a munthu amasiya phazi, dzina lake ndi ola lomwe, ndiye zolowetsa mlamu wako pa mndandanda ngati mlonda wa usiku pomwe ali phee ku Chipoka zimavuta.

Koma akonzi, ogulitsa zinthuzi sanena msanga kuti si katundu amene umagula kamodzi n'kukhala wako, ndi lendi. Yathuyi timalipira pa mutu wa wantchito aliyense ndipo ndi mu madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 bilu inangodumpha ife osawonjezera wantchito ngakhale mmodzi, ndipo kukhala ndi makwacha sikuti walipira ayi, umakalemba ku banki kupempha forex n'kumadikira. Mwezi wina tinachedwa, ndikutsegula m'mawa ndapeza atseka, mafayilo athu omwe, a anthu athu, koma kulowa osalowa, anthu ali pakhomo kudikira malipiro ine thukuta kamukamu. Eni nyumba a ku Kamuzu Road amayamba abwera kudzalankhula, uyu amangotseka ali kunja kwa dziko.

Komanso inapangidwira kwina, msonkho wa kuno siiudziwa. Nduna ya zachuma ikasintha magawo a PAYE mu bajeti ndimalowetsa ndekha pamanja, ndikalakwitsa nambala imodzi imalakwitsira aliyense mofanana bwinobwino popanda kudandaula.

Za netiweki sinditaya nthawi, aliyense akudziwa mmene zimakhalira mvula ikagwa kunyanja kuno.

Chondiwawa ndi ichi. Anati aliyense azipempha livu ndi kuona pesilipi pa foni yake. Nanga bambo wosamalira maluwa amene ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo bando akagula ndiye kuti ndiwo za tsikulo zapita? Mapeto ake amabwera kwa ine, "achimwene tandilowereni", n'kundipatsa pasiwedi, ena anailemba pa kapepala n'kupatsa mnzawo wa simatifoni. Ndiye chinsinsi chija chili pati? Mu sisitimumo muli nambala ya chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki, ngongole, mpaka makalata a ku chipatala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA, koma nditafunsa bwana kuti kodi kompyuta yeniyeni yosunga zimenezi ili dziko liti anangoseka n'kuti "ili mu cloud". Cloud si mtambo bwana, ndi kompyuta ya munthu wina mu nyumba ya munthu wina.

Kwa anzanga a m'maloji, m'masukulu, m'makopaletivi ndi m'minda ya nzimbe kuyambira kuno mpaka ku Dwangwa, musanasaine funsani ngati mungalipire mu kwacha, ndipo alembe pa pepala kuti tsiku mudzasiyane adzakupatsani mafayilo anu onse. Achinyamata athu ophunzira za kompyuta nawonso tatipangireni yoti mlonda azidina manambala ngati mmene amachitira pa Mpamba kapena Airtel Money n'kuona masiku ake a livu. Ine pakadali pano mwezi ukatha ndimadawunilodi zonse n'kusindikiza, kabati ija anafuna kugulitsa ndinakaniza.

Kalaliki wa malipiro,
Senga Bay, Salima