Nambala ya kumapeto kwa dzina la laibulale si yokongoletsera

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanu, pa vuto limene anzanga osamalira makompyuta amakumana nalo akangomaliza kuika mtundu watsopano wa Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows), zimene ambirife timangoti kupanga update, chifukwa ndaona kuti njira imene ambiri amathamangira pofuna kulithetsa ndiyo imadzabala mavuto aakulu kuposa oyambawo.

Vutoli limabwera chonchi: pulogalamu imene dzulo inkagwira ntchito bwinobwino lero ikukana kutseguka, ndipo pa sikirini pakutuluka mawu akuti "error while loading shared libraries: libssl.so.1.1: cannot open shared object file". Chimene chachitika apa n'chosavuta kuchimvetsa. Mapulogalamu ambiri sanyamula zida zawo zonse, koma amabwereka zina kuchokera m'mafayilo ogawana otchedwa malaibulale, amene pa Linux amadziwika ndi zilembo za .so ndipo pa Windows amathera ndi .dll. Pulogalamu ikamayamba, kapulogalamu kena kotchedwa ld.so ndi kamene kamafunafuna malaibulalewo, kuyang'ana m'malo amene pulogalamuyo inalembera, m'mafoda otchulidwa mu mndandanda wotchedwa LD_LIBRARY_PATH, m'kaundula wa /etc/ld.so.cache, kenako mu /lib ndi /usr/lib. Kakasowa ngakhale imodzi yokha, pulogalamu yonse siiyamba.

Ine izi zinandigwera pamene tinkasamutsa makina athu kuchoka pa Linux yotchedwa Ubuntu 20.04 kupita pa Ubuntu 22.04, imene inatuluka mu Epulo 2022. Mtundu wakalewo unkabwera ndi laibulale yoteteza zinsinsi yotchedwa OpenSSL 1.1.1, imene fayilo yake ndi libssl.so.1.1, pamene watsopanowo unabwera ndi OpenSSL 3.0, imene fayilo yake ndi libssl.so.3. Pulogalamu ina imene tinagula kwa kakampani kena inapangidwa kuti izifuna fayilo yakale ija, choncho inaima. Mnzanga wina wachinyamata, wakhama ndithu, anaona kuti fayilo ya dzina lofanana ilipo kale, kungoti nambala yake ndi ina, ndiye anangopanga symlink (kafayilo kongoloza ku fayilo ina) yopatsa libssl.so.3 dzina la libssl.so.1.1, poganiza kuti kompyuta siizindikira.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Nambala imeneyo ndi gawo la dzina limene opanga laibulale amalitcha SONAME, ndipo amaisintha dala pamene asintha m'kati mwa laibulaleyo mpaka mapulogalamu opangidwira mtundu wakale sangathenso kugwirizana nayo. Munthu amene wasintha dzina la fayilo popanda kusintha za m'kati mwake wanamiza ld.so, koma pulogalamu idzaitanabe ntchito zimene zinachotsedwa kapena zimene tsopano zikuyembekezera zinthu m'kaonekedwe kena. Ife tinachita mwayi, chifukwa OpenSSL imalemba chizindikiro cha mtundu pa ntchito iliyonse ya m'kati mwake, motero pulogalamuyo inakanabe poyera n'kunena kuti OPENSSL_1_1_0 sakupezeka. Malaibulale ena alibe zizindikiro zoterozo, ndipo kwa iwo chinyengochi chimaoneka ngati chatheka: pulogalamu imatseguka, imagwira ntchito kwa kanthawi, kenako imagwa pamalo osayembekezeka kapena kulemba zinthu zolakwika mwakachetechete, pa nthawi imene aliyense anaiwala kale za symlink ija.

Ena, m'malo mwa symlink, amapita pa intaneti n'kukatenga fayilo yosowayo pa tsamba lililonse limene laionetsa. Ogwiritsa ntchito Windows ndiwo amakonda zimenezi akaona kuti VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll palibe, chonsecho mafayilowa amabwera mu Visual C++ Redistributable imene Microsoft eni ake amapereka kwaulere. Laibulale imagwira ntchito ndi mphamvu zonse za pulogalamu imene yaitsegula, kotero kuika ya munthu wosadziwika n'kumupatsa mwayi wochita chilichonse chimene pulogalamuyo ingachite.

Pempho langa n'lakuti munthu ayambe wawerenga uthengawo asanakhudze kanthu, chifukwa mauthengawa sanena chinthu chimodzi. Lamulo la ldd limasonyeza malaibulale onse amene pulogalamu ikufuna ndi amene sakupezeka, ngakhale kuti pa pulogalamu imene simukuikhulupirira ndi bwino kugwiritsa ntchito readelf -d, imene imangowerenga fayiloyo osaiyendetsa. Ngati laibulaleyo ilipo pa kompyutapo, mwachitsanzo mu /usr/local/lib, ndiye kuti mwina kaundula uja ndi wakale, ndipo kuyendetsa ldconfig, lamulo lolembanso kaundulayo, kapena kuwonjezera fodayo mu /etc/ld.so.conf.d kenako n'kuyendetsa ldconfig, kumathetsa nkhani. Ofuna kuona paliponse pamene ld.so yayang'ana akhoza kuyambitsa pulogalamuyo ndi LD_DEBUG=libs, ndipo nthawi zambiri m'pamene zimatulukira kuti wina anasiya LD_LIBRARY_PATH ikuloza ku foda yakale zaka zapitazo. Uthenga wakuti "wrong ELF class" ukutanthauza kuti mafayilo opangidwira makina a 32-bit asakanikirana ndi opangidwira makina a 64-bit. Wonena kuti GLIBC_2.34 sakupezeka (glibc ndi laibulale ya maziko pa Linux) ukunena zosiyana ndi vuto lathu lija: pulogalamu ndiyo yatsopano, makina ndiwo atsalira, monga zimachitikira ukapanga pulogalamu pa Ubuntu 22.04, imene ili ndi glibc 2.35, n'kukaiika pa 20.04, imene ili ndi 2.31. Pamenepo ndichenjeze kuti glibc si yoisintha pamanja, chifukwa pafupifupi pulogalamu iliyonse pa makinawo imadalira iyo, ndipo mukailakwitsa ngakhale malamulo okonzera vutolo amasiya kugwira ntchito.

Pamene laibulale yachotsedwadi mu mtundu watsopano, mankhwala ake enieni ndi kupanganso pulogalamuyo kuti igwirizane ndi laibulale yatsopano, kapena kupempha amene anaipanga kuti atulutse mtundu woyenera. Ndikuvomereza kuti ntchito singadikire nthawi zonse, ndipo poyembekezera munthu akhoza kuika pulogalamuyo mu container, malo otchingidwa pawokha m'kati mwa kompyuta, pamodzi ndi malaibulale ake akale, kuti isakhudze makina onse. Koma izi zikhale za kanthawi, makamaka pa laibulale yoteteza zinsinsi ngati OpenSSL, popeza eni ake anasiya kukonza poyera mtundu wa 1.1.1 pa 11 Seputembala 2023.

Ife tinachotsa symlink ija, tinabwezera pulogalamuyo pa makina amodzi amene tinali tisanawasinthe, ndipo tinalembera kakampani kaja mpaka anatitumizira mtundu wopangidwira OpenSSL 3. Kuyambira pamenepo, tisanapange update yaikulu, timayamba taiyesa pa makina amodzi n'kuyendetsa ldd pa pulogalamu iliyonse imene sinachokere m'nkhokwe ya Ubuntu.

Ine wowerenga wanu,
Wosamalira makompyuta