Ophunzira uinjiniya aphunzitsidwe kuyeza kuphonya kwa kompyuta

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembe pa nkhani imene siipezeka kawirikawiri m'nyuzipepala ya Chichewa, ngakhale kuti imakhudza aliyense wowoloka mlatho, wogwira ntchito m'nyumba yosanja, kapena wodikira magetsi ochokera ku mtsinje wa Shire. Ndine injiniya wa zomangamanga, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikulandira achinyamata odzaphunzira ntchito akatsala pang'ono kumaliza maphunziro awo. Ambiri ndi anzeru ndi akhama, ndipo kompyuta amaidziwa kuposa ife amene tinaiona titamera kale ndevu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti akabweretsa chithunzi chimene kompyuta yatulutsa, chofiira pamene chitsulo chapanikizika kwambiri ndi chobiriwira pamene palibe vuto, amachilandira ngati chigamulo cha khoti. Ndikawafunsa kuti yankholo laphonya ndi mlingo wotani, amangondiyang'ana, chifukwa palibe anawauzapo kuti kompyuta nayo imaphonya, ndiponso kuti kuphonyako kumatheka kukuyeza.

Njira imene mapulogalamu a pa kompyuta otulutsa zithunzizi amatsata imatchedwa finite element method, ndipo maganizo ake ndi osavuta kumva. Masamu ofotokoza mmene khoma la damu limapindikira madzi akalitsamira anadziwika kalekale, koma palibe munthu angawathetse ndendende pa chinthu chokhotakhota, chokhala ndi mabowo ndi makona. Choncho injiniya amachigawa chinthucho pa kompyuta kukhala tizidutswa tambirimbiri ta makona atatu kapena anayi, ngati wachiphimba ndi ukonde, ndipo m'kachidutswa kalikonse amangoyerekeza kuti zinthu zikusintha mophweka, monga mzere wowongoka. Kompyuta imalumikiza tizidutswato ndi kuthetsa masamu zikwizikwi pakamodzi. Yankho limene limatuluka ndi loyandikira chabe, ndipo kuyandikira kwake kumadalira kukula kwa maso a ukondewo.

Katswiri wa masamu Richard Courant anagwiritsapo ntchito tizidutswa ta makona atatu m'chaka cha 1943, koma njirayi inakhazikika m'chaka cha 1956 pamene Turner, Clough, Martin ndi Topp anafotokoza mmene ankawerengera kulimba kwa mapiko a ndege ku kampani ya Boeing. Ray Clough wa ku yunivesite ya ku Berkeley, ku America, ndiye anaipatsa dzina m'chaka cha 1960, ndipo posakhalitsa anaiyesa pa damu la Norfork ku Arkansas, limene linali ndi mng'alu. Ku China, Feng Kang anafika pa maganizo omwewo payekha akulimbana ndi masamu a madamu. Ndatchula madamuwa dala, kuti owerenga aone kuti iyi si nkhani ya ndege ndi maroketi okha.

Tsopano pali funso limene ndikufuna kukhazikikapo: kodi maso a ukonde akhale aang'ono motani, ndipo pati? Aliyense amene anaonapo nyumba ya njerwa ikung'aluka akudziwa kuti mng'alu umakonda kuyambira pa kona ya zenera kapena ya chitseko, osati pakati pa khoma. Mphamvu zimaunjikana pamene maonekedwe a chinthu asintha mwadzidzidzi. Injiniya wa ku Germany, Ernst Kirsch, anaonetsa m'chaka cha 1898 kuti ukakoka chitsulo chophwatalala chokhala ndi kabowo kozungulira, kupanikizika m'mphepete mwa bowolo kumawirikiza katatu, ndipo pa kona yakuthwa zimaposa apo. M'malo oterewa zinthu zimasintha mofulumira pa kamtunda kochepa, kotero kuti ukonde wa maso aakulu umangodutsa pamwamba osagwira kanthu, monga ukonde wa chambo ungaphonyere usipa. Wina anganene kuti tingochepetsa maso onse. Vuto lake ndi lakuti ukachepetsa maso ndi theka pa chithunzi chophwatalala, tizidutswa timachuluka ka 4, ndipo pa chinthu chokhala ndi utali, m'lifupi ndi msinkhu timachuluka ka 8. Ukabwereza katatu kokha, ntchito yakula ka 512, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo yathera pakati pa khoma pamene panalibe chovuta chilichonse.

Apa ndi pamene pamabwera njira yosintha ukonde molingana ndi kuphonya, imene akatswiri amaitcha adaptive finite element method. Kompyuta imayamba ndi ukonde wa maso aakulu ndi kupeza yankho loyamba. Kenako imadziyeza yokha, kachidutswa ndi kachidutswa, kuti ione pamene yaphonya kwambiri, imasankha malo oipitsitsa, imachepetsa maso m'malo omwewo mokha, ndi kuyambiranso mpaka kuphonya kutatsika kufika pa mlingo umene injiniya wavomereza. Chodabwitsa ndi chakuti kuphonyako kumayezeka ngakhale yankho lenileni silikudziwika. Mwachilengedwe mphamvu yochoka m'kachidutswa kena iyenera kufanana ndi yolowa m'kanzake, koma yankho la kompyuta limasiya kusemphana m'malire mwa tizidutswa toyandikana, ndipo kukula kwa kusemphanako ndi chizindikiro cha kukula kwa kuphonya. Zili ngati mboni ziwiri zimene zinaona chinthu chimodzi: pamene zikusiyana mawu ndi pamene woweruza ayenera kufunsitsa.

Ivo Babuška ndi Werner Rheinboldt ndi amene anaika maziko a masamu amenewa m'chaka cha 1978 ku yunivesite ya Maryland. Babuška, amene anamwalira m'chaka cha 2023, anali atagwirapo ntchito ali wachinyamata pa mawerengedwe a damu la Orlík kwawo ku Czechoslovakia, ndipo ndimakhulupirira kuti munthu amene anawerengerapo khoma lokhala ndi mizinda kumunsi kwake sangaleke kufunsa ngati nambala zake zili zodalirika. M'chaka cha 1987 Olgierd Zienkiewicz ndi J. Z. Zhu ku Swansea anabweretsa muyeso wosavuta umene mainjiniya anaulandira msanga, wofanizira yankho la kompyuta ndi yankho lomwelo litasalazidwa. Kwa zaka zambiri njirayi inkagwira ntchito popanda umboni wokwanira woti nthawi zonse imafika pa yankho loona, mpaka Willy Dörfler anapereka umboniwo m'chaka cha 1996, ndipo Rob Stevenson anaonetsa m'chaka cha 2007 kuti imafikako pa liwiro labwino koposa limene lingatheke. Ku Heidelberg, Roland Becker ndi Rolf Rannacher anawonjezera mfundo imene ine monga injiniya ndimaikonda kuposa zonse, yakuti ukonde usinthidwe molingana ndi nambala imene ukuifunadi, kaya ndi kutsika kwa pakati pa mlatho kapena kupanikizika pa malo amodzi, m'malo mowongola chithunzi chonse mofanana.

Phindu lake limaoneka bwino pa chitsanzo chimene ophunzira ambiri amayambira, cha chipinda chooneka ngati chilembo cha L, chokhala ndi kona yolowera mkati. Ukagwiritsa ntchito tizidutswa tophweka ndi kuchepetsa maso onse mofanana, kuti kuphonya kutsike ka 10 pamafunika kuchulukitsa tizidutswa pafupifupi ka 1,000. Ukalola kompyuta kuunjika timaso pa kona pokha, kuchulukitsa ka 100 kumakwanira. Kwa wophunzira amene ali ndi laputopu yakale, amene akuthamangitsana ndi batire magetsi atazima, kusiyana kumeneku ndi kumene kumanena ngati ntchito ithe lero kapena isathe nkomwe. Ndi chifukwa chake ndimatsutsana ndi anzanga amene amati maphunziro oterewa ndi a mayiko olemera. Amene ali ndi makompyuta akuluakulu angathe kuwononga mphamvu pochepetsa maso ponseponse, koma ife tilibe mwayi umenewo.

Kuti owerenga asaone ngati ndikukokomeza, ndikumbutse zimene zinachitika ku Norway pa 23 August 1991. Tsinde la konkire la nsanja yokumbira gasi m'nyanja, yotchedwa Sleipner A, linkayesedwa pomizidwa pang'onopang'ono m'madzi a Gandsfjorden pafupi ndi Stavanger. Khoma lina la mkati linang'aluka, madzi analowa mofulumira kuposa mmene mapampu akanawachotsera, ndipo chimango chonsecho chinamira, nkugunda pansi mwamphamvu moti zida zoyezera zivomezi zinalemba 3.0. Palibe anafa, koma chuma chotayika chinali pafupifupi madola 700 miliyoni. Ofufuza anapeza kuti mawerengedwe a pa kompyuta anachepetsa mphamvu yofuna kudula khomalo ndi pafupifupi 47 peresenti chifukwa ukonde sunakonzedwe bwino pa malo olumikizirana makoma, ndipo zitsulo zimene anaikapo zinali zosakwanira. Atabwereza mawerengedwe mosamala, anapeza kuti khomalo linayenera kugonja pa kuya kwa mamita 62, pamene linagonjadi pa mamita 65. Njira inali yomweyo, ndipo anthuwo anali akatswiri odziwa ntchito. Chimene chinasowa poyamba ndi kufunsa ngati ukonde unali wokwanira pa malo ovutawo.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti kusintha ukonde sikuchiza matenda onse. Kumachotsa kuphonya kobwera chifukwa choduladula chinthu, koma sikuwongola bodza limene munthu wauza kompyuta. Ngati nthaka siinayezedwe, ngati konkire ya pamalo yachepa simenti poyerekeza ndi ya pa pepala, kapena ngati kusefukira kwa madzi kunayerekezedwa mochepa, kompyuta ipereka yankho lolondola kwambiri la funso lolakwika. Mnyamata wina amene ndinkamuyang'anira anandidandaulira kuti nthawi iliyonse akachepetsa maso pa kona ya chitsulo chake, nambala ya kupanikizika inkangokwera osaima, ndipo ankaganiza kuti pulogalamu yawonongeka. Pulogalamu inalibe vuto. Masamu amene ankagwiritsa ntchito amanenadi kuti pa kona yakuthwa kotheratu kupanikizika kulibe malire, ndipo chimene chinafunika ndi kujambula konayo mozungulira pang'ono monga imakhalira ku fakitale, kapena kuuza kompyuta kuti chitsulo chikapanikizika kwambiri chimafewa. Tinatha masana onse pa kona imodziyo, ndipo ndikuganiza kuti anaphunzira zambiri tsiku limenelo kuposa pa zithunzi zonse zokongola zimene anali atatulutsa kale.

Dziko lathu lili ndi ntchito yomanganso patsogolo pake. Namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira mu January 2022, ndipo makina a mphamvu pafupifupi mamegawati 130 anaima kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu m'chigawo chakummwera mu March 2023. Sindikunena kuti izi zinawonongeka chifukwa cha masamu olakwika, pakuti madziwo anali oopsa. Mfundo yanga ndi yakuti zomangidwa zatsopano, kuphatikizapo damu limene likukonzedwa pa Mpatamanga, zidzabwera ndi malipoti okhuthala odzaza zithunzi za pa kompyuta, ambiri olembedwa ndi alangizi akunja, ndipo mbali yathu payenera kukhala anthu otha kutsegula lipoti ndi kufunsa kuti ukonde unayesedwa kangati, nambala zinasiya kusintha pati, ndipo kuphonya kotsala ndi kotani.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a uinjiniya ndi a masamu m'mayunivesite athu, monga MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo ndi University of Malawi ku Zomba. Wophunzira asanakhudze pulogalamu yogula, alembe yekha kapulogalamu kakang'ono ka mtanda umodzi umene yankho lake amalidziwa kale ndi pensulo, achepetse maso kawiri katatu, ndi kuona ndi maso ake kuphonya kukutsika. Akatero apatsidwe chipinda cha L chija, aone njira yochepetsa ponseponse ikulephera, kenako ayese yosintha ukonde. Izi sizifuna ndalama za layisensi, chifukwa mapulogalamu monga deal.II, imene inayambira ku Heidelberg, FEniCS, FreeFEM ya ku Paris ndi Gmsh yolukira ukonde onse ndi aulere pa intaneti. Ndikupemphanso kuti a masamu ndi a uinjiniya aziphunzitsa phunziroli limodzi, pakuti wina amadziwa umboni koma sanaonepo konkire ikuthiridwa, pamene mnzakeyo amadziwa konkire koma amazemba umboni.

Pa kafukufuku, sitiyenera kuyang'ana kutali kwambiri. Yunivesite ya Cape Town ili ndi likulu la kafukufuku lotchedwa CERECAM, limene Pulofesa Daya Reddy analitsogolera kwa zaka zambiri pa masamu omwewa, ndipo mgwirizano ndi malo oterowo ungathandize ophunzira athu a digiri yachiwiri. Mafunso oti afufuze tili nawo pakhomo pomwe: kudontha kwa madzi pansi pa madamu a dothi, kugumuka kwa matsitso a mapiri monga tinaonera ku Soche ndi ku Mulanje, ndi kung'aluka kwa makoma a njerwa m'madera a zivomezi monga Karonga, kumene nyumba zambiri zinagwa mu December 2009. M'mavuto onsewa zoopsa zimachitikira pa kamzere kopyapyala mkati mwa chinthu chachikulu, ndipo malo a kamzereko sadziwika mawerengedwe asanayambe, choncho ukonde wodzisintha wokha ndi umene ukuyenera.

Kwa bungwe loyang'anira mainjiniya ndi kwa maofesi amene amavomereza mapulani, ndikupempha chinthu chimodzi chaching'ono: lipoti lililonse lodalira finite element method likhale ndi tsamba losonyeza yankho pa maukonde atatu osiyana kukula kwa maso, kapena muyeso wa kuphonya umene pulogalamu inapereka, ndipo lipoti lopanda tsamba limenelo libwezedwe kwa mwini wake lisanasainidwe.

Ine wanu,
Injiniya wa zomangamanga,
Blantyre