Aphunzitseni magadiyani asanatuluke ndi odwala khansa

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule za odwala khansa akatulutsidwa m'chipatala, chifukwa ine ndadwazika mayi anga aang'ono miyezi 8 pakhomo panga ku Area 25 ndipo zomwe ndinaona zikundisowetsabe tulo. Anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, inadziwika mochedwa, iwo ankangoti mwina kusamba kwabwerera poti anali atasiya kalekale, mpaka magazi kumangotuluka osaleka ndi pomwe anatiuza.

Tsiku lotuluka anatipatsa mapilisi, botolo la mofini wamadzi (mankhwala amphamvu oletsa ululu) ndi deti yobwerera, basi. Palibe anandiuza kuti kuyambira madzulo amenewo nesi ndikhala ineyo. Sindikuwada manesi ayi, ndinawaona ndi maso angawa, mmodzi kuthamanga wodi yonse usiku, uku diripi yatha uku wina akusanza uku gadiyani akulira pakhonde. Koma zoona zake ndi zakuti wodwala khansa masiku ambiri amakhala kunyumba osati pa bedi la chipatala, ndiye omusamalirawo ndife ana, achemwali, apongozi, anthu oti ku sukulu ya manesi timangodutsako pa minibasi.

Masabata oyambirira ndinalakwitsa zambiri ndipo zimandiwawa ndikakumbukira. Mofini ndinkawamwetsa pokhapokha akayamba kubuula, poti achibale ankati mankhwala amenewa ndi omalizitsa munthu, ena amvekere azolowera ngati chamba. Anadzimbidwa pafupifupi sabata yonse ine osadziwa kuti mofini yemweyo ndi amene amaumitsa m'mimba. Ndiye panali fungo. Nkhani ya fungoyi anthu timachita nayo manyazi koma ndi imene imamupweteka wodwala kuposa ululu, amayi anzawo akutchalitchi anayamba kupempherera pabalaza osalowa kuchipinda, mayi anazindikira chifukwa chake ndipo anayamba kukana phala, ati asamavutitse anthu powasintha. Munthu amene anatilera, amene ankachapa matewera athu, kumapepesa kwa ine nthawi iliyonse ndikawasambitsa.

Zinthu zinasintha titakumana ndi nesi wina wa palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda aakulu, pa tsiku la riviyu. Anandikhazika pansi mwina mphindi 20 zokha. Anandiuza kuti mofini wamadzi amamwedwa maola 4 aliwonse motsata wotchi, osadikira ululu ubwere kaye, komanso kuti amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, madzi ambiri ndi zipatso ngati papaya. Za fungo anatilembera Flagyl, mankhwala omwewa tonse timawadziwa, ndipo patangopita masiku ochepa anthu anayambanso kulowa kuchipinda nkumakhala pamphasa kucheza nawo. Anandionetsa katembenuzidwe ka wodwala maola 2 aliwonse kuti asachite zilonda m'chiuno ndi kuzidendene, kuchukucha mkamwa ndi madzi amchere pa zilonda zobwera ndi kemo (mankhwala olimbana ndi khansa), ndipo anatsindika kuti thupi likatentha atalandira kemo tisataye nthawi ndi panado, tithamangire kuchipatala ngakhale pakati pa usiku chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakhala chatsika kwambiri. Mayi anagona tulo tenitenito usiku umenewo. Ine ndinalira, nkumadzifunsa kuti bwanji zimenezi sanandiuze tsiku loyamba lija?

Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse, palinso khansa ya kummero ndi ya pakhungu ija ya Kaposi imene imavuta kwambiri anthu omwe ali ndi HIV. Boma layesetsa, katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, wa atsikana a zaka 9 anayamba mu 2019, kuyezetsa khomo la chiberekero nkwaulere m'zipatala za boma ndipo amayi anzanga chonde tiyeni tizipita tisanamve kuwawa, pano tilinso ndi National Cancer Centre konkuno ku Lilongwe. Koma nyumba ndi makina pazokha sizingamusinthe nsalu wodwala 2 koloko usiku ku Mtandire kapena ku Chinsapo. Ku Ndi Moyo ku Salima ndi ku Tiyanjane ku Queens, malo opereka chisamaliro cha palliative care, aonetsa kwa zaka zambiri kuti kusamalira wodwala pamodzi ndi banja lake nkotheka kuno kwathu komwe.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti wodi iliyonse yogonekamo odwala khansa ikhale ndi nesi amene ntchito yake ndi kuphunzitsa gadiyani asanatuluke, amugwiritse yekha ndi manja ake mpaka adziwe, amupatse kapepala ka m'Chichewa ndi nambala yoimba zikavuta. Magolovesi ndi thonje atipatseko, ine ndinkavala majumbo a shuga m'manja. Ndipo mofini azipezeka pafupi ndi kumene anthu akukhala, ine botolo likatha ndinkasiya wodwala ndi mwana wa sitandade 6, kukwera kabaza kenako minibasi ziwiri, ndipo ndinali ndi mwayi poti ndili m'tauni, nanga mnzanga wa ku Malingunde kapena ku Kasiya amatani?

Mayi wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe