Kwa Bwana UNO, mkulu wa boma wa upazila (dera) yathu: madzi amchere atikwana

Bwana, ulemu wanu. Ine ndine wa ku Nsanje, ndinakwatiwa kuno ku Bangladesh, kummwera kwa mzinda wa Khulna pafupi ndi nkhalango ya Sundarbans, amuna anga tinakumana ku Johannesburg ali ndi kashopu kawo. Makalata awiri tinapereka kudzera kwa atcheyamani a union (khonsolo ya midzi) yathu koma kuli zii, ndiye ndalemba poyera, amuna angawo akumasulirani.

Nkhani ndi madzi akumwa. Apongozi anga ndi achikulire koma kusanache amakhala anyamuka kale mtsuko uli m'chiuno kupita ku dziwe limodzi lomwe latsala ndi madzi abwino, timapita limodzi, pobwera dzuwa lakwera iwo akupumira m'njira katatu konse miyendo itatupa. Dziwe la pakhomo pathu mukalawa ndi mchere wokhawokha, sopo sachita thovu, mwana wanga akasamba amangodzikanda usiku onse mpaka kutuluka magazi. Mjigo nawo ukutulutsa omwewo. Ine madzi osefukira ndimawadziwa bwana, ndinakulira m'mbali mwa Shire, koma kwathu akaphwa timadzala pomwepo. Kuno a m'nyanja akalowa amasiya mchere m'nthaka, mpunga umakana zaka.

Madayiki otitchingawa anamangidwa m'ma 1960, atopa. Namondwe Aila anawagumula mu May 2009, apongozi amasimbabe mmene anthu anakhalira miyezi pamwamba pa dayiki m'tizisakasa. Amphan mu 2020, Remal mu 2024 ndinaona ndi maso anga, azibambo usiku onse kunyamula matope m'madengu kutseka pogumuka ndi nsungwi. Nseu wa njerwa unakokoloka, ku shelita yothawirako namondwe malo sakwana, anyamata akuthawira ku Dhaka, sindingathe zonse.

Ndipo chimandipweteka kwambiri ndi eni madamu oweteramo shrimp (tinkhanu ta m'madzi amchere), amaboola dayiki yomweyo ndi mapaipi kuti alowetse madzi amchere, aliyense akuona, mwana amene angakulozereni.

Ndikudziwa simugwira nokha, za madayiki zili ndi ofesi yake ndipo ndalama zimachokera kumtunda. Komatu amati ma upazila anakhazikitsidwa nthawi ya mtsogoleri wa dziko Ershad m'ma 1980 kuti boma likhale pafupi ndi anthu akumudzi, nanga ife tikalire kwa ndani ngati si inu? Itatha Remal kunabwera anthu pa boti kudzalemba maina, anati nyumba iliyonse ilandira thanki yokololera madzi amvula. Dzina la apongozi analemba, chala anadinda. Thanki mpaka lero sitinaione.

Pempho langa ndi ili bwana. Mvula ya June isanayambe bwerani nokha muyende pa dayiki yathu, mapaipiwo azulidwe, pofooka pakonzedwe, ndipo mathanki aja abwere, muyambire nyumba za nkhalamba. Mukabwera mufike pakhomo, ndikutungirani kapu ya pa dziwe lathu mulawe.

Ine mkamwana wa m'mudzi muno.